Boyila ya Madamu ndi Ndowa ya Safia

Kensington, Joni
7 Meyi 2023

Amayi a Safia,

Asalamu alaikumu. Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, inu ndi ana, komanso amayi anu ndi mwendo wawo uja. Ine kuno ndili bwino, alhamdulillah, kupatula chimfine cholonjera chisanu.

Mudabwa kuti bwanji kalata pamene foni ilipo. Foni yanuyo ndatopa nayo. Mawu aliwonse amene ndatumiza mumawatsegulira pabwalo, ndipo achimwene anu a Che Ahmad amayamba kuyankha ine ndisanamalize kulankhula. Choncho nkhani za m'nyumba mwathu ndizimupatsira Simioni, wa galimoto yonyamula katundu uja, azikupatsirani pamanja pa Lungwena. Muziwerenga nokha kuseri kwa nyumba.

Tsiku la ndowa ya Safia, lomanga ukwati wake pamaso pa shehe, ndalimva, Loweruka pa 15 Julayi. Akuti asankha nthawi ya mwera, asodzi ali kumtunda, kuti akuchimuna ku Monkey Bay apeze mpata. Ndi zoona. Koma alamu akudziwanso kuti m'zaka zisanu ndi zinayi sindinachokepo kuno nthawi yachisanu. Muwauze kuti chaka chino aphonya.

Paja ndimakuuzani za boyila, chimgolo chachitsulo chomwa dizilo chija, chimene chimatenthetsa madzi oyenda m'mapaipi m'nyumba yonse ya Madamu amene ndimawagwirira ntchito ya m'dimba. Inu mumaseka, kuti anthu ndi nzeru zawo angawotche dizilo pofuna kuti nyumba itenthe, ife ku Mangochi tikugona pakhonde kuthawa kutentha. Mudzabwere kuno mu Julayi tidzaone ngati mano adzaoneke. Boyilayo ndi yaikulu kwa ine pobadwa, ndipo imamvera munthu mmodzi yekha. Ndimaisamala ngati mmene ndinkasamalira injini ya boti la malemu bambo: kusefa dizilo ndi nsalu, kutsuka kamlomo kake, kuipatsa khofi pambali ikachita mwano. Itazima ine kulibe, Madamu, a zaka 86, oyendera ndodo ziwiri, sangafike sabata. Chingwe chimene chandimanga zaka zonsezi ndi chimenecho.

Tsopano mwana wawo Kevini, wokhala ku Australia, walamula kuti ichotsedwe. Aika makina atsopano amagetsi, odziyendetsa okha, osafuna Ayub kapena khofi. Akampani akuti ndi ntchito ya masabata awiri. Madamu andilonjeza mwezi wathunthu makinawo akangoyamba kugwira.

Mwini mbumba ndi a Che Ahmad, sindikukana. Za mpunga, za mbuzi, za ankhoswe, ayendetse iwowo. Koma pamaso pa shehe, dzanja logwira dzanja la mkamwini n'kunena kuti ndakupatsa mwana wanga ndi la bambo. Mawu ananena alamu aja, akuti bambo wa ku Joni ndi chithunzi chapakhoma, anandipeza. Chithunzicho chikubwera ndi miyendo.

Mulandire mafuta ophikira malita asanu ndi nsalu yobiriwira ya Safia. Mafuta akwera mtengo kuno ngati akuchokera ku Maka, musagawire mudzi wonse.

Ine wanu,
Ayub


28 Meyi 2023

Amayi a Safia,

Asalamu alaikumu. Kalata yanu ndailandira, ndamva kuti muli bwino ndipo mbuzi yaikazi yaswa awiri. Musagulitse aliyense. Ine ndili choncho, chifuwa chimandikumbutsako m'mawa, koma si za nkhawa.

Boyila yapita. Anabwera amuna anayi ndi kapitawo wawo, mzungu wa ndevu zofiira amene ndam'tcha Chindevu. Analephera kuitulutsa pakhomo, ndiye anaidula ndi makina pakati, n'kuitulutsa zidutswazidutswa ngati ng'ombe ya pa sadaka. Ndinkaganiza kuti tsiku limenelo ndivina. Ayi ndithu, ndinapita kukasesa masamba kumbuyo kuti ndisaone.

Chimene sindinaganizire ndi ichi. Kachipinda kanga kagundizana ndi mosungira boyila muja. Zaka zonsezi khoma la kumutu kwa bedi langa linali lofunda ngati msana wa munthu. Ndimayanikapo masokosi, ndipo madzi opangira wudhu, osamba ndisanaswali m'mamawa, ndimatunga pa kampopi ka boyila, ofunda bwino. Pano khomalo ukaligwira dzanja limachita dzanzi. Madzi a wudhu amaluma zala mpaka munthu kumafulumizitsa swala, Allah andikhululukire.

Makina atsopanowo ndi chibokosi chokhala ndi chopemerera mphepo, achiika panja. Nyumba aigawa m'zigawo zisanu zimene akuzitcha mazoni: chipinda cha Madamu, khitchini, pabalaza, zipinda za alendo, ndi bafa. Zoni iliyonse ili ndi kabokosi koyera pakhoma, kakang'ono ngati sopo. Kabokosiko kamamva kuzizira kwa chipinda chake n'kuuza makina kuti tumizani madzi otentha kuno. Ndipo Kevini, ali ku Australia komweko, aziona pa foni kuti chipinda chakuti chatentha bwanji, n'kumakweza kapena kutsitsa ndi chala.

Ndinamufunsa Chindevu kuti nanga chipinda changa chili zoni iti. Anaseka mpaka ndevu kugwedera. Akuti, "Kunja si zoni, bwanawe." Zipinda za alendo, mmene simunagone mlendo chiyambire korona, zili ndi zoni yake.

Masabata awiri aja akwana atatu ndipo makina sanayatsidwe. Akuti tizitsulo tina totsegula ndi kutseka mapaipi tatsakamira kudoko. Yakale adula, yatsopano sikugwira, nyumba yonse ili zii. Hita yamagetsi Kevini anawalanda Madamu chaka chatha atawotcha bulangete, ndiye ine ntchito yanga pano ndi kuwiritsa madzi n'kumathira m'mabotolo a labala, kuwaika kumapazi kwawo. Walira mvula walira matope.

Komabe 15 Julayi ili kutali. Za pasipoti musandifunsenso, Simioni akudziwa mmene tidzadutsire.

Wanu,
Ayub


18 Juni 2023

Amayi a Safia,

Asalamu alaikumu. Muli bwanji nonse? Ine thupi lili bwino, mtima ndiye wadzaza.

Makina anawayatsa pa 9. Chindevu anajambula chithunzi ataima pambali pake, n'kulongedza zida zake, ulendo. Tsiku lomwelo mapaipi anayamba kulira, gugudu gugudu, ngati m'mimba mwa munthu wosala. Ine phokoso limenelo ndikulidziwa, ndi mpweya wotsekeredwa m'mapaipi. Chaka chilichonse ndimautulutsa. Umatsegula pang'ono kasikulu ka pa chitsulo chotenthetsa chipinda, mpweya n'kumati fyuu, madzi akayamba kudontha n'kutseka. Ndachita zimenezo mwina kamazana awiri.

Ndinaimbira akampani masiku atatu, osayankha. Tsiku lachinayi ndinatenga kakiyi kanga n'kuyambira pabalaza. Amayi a Safia, sindinadziwe kuti makina atsopanowa amakankha madzi mwamphamvu kuposa nkhalamba ija. Kasikulu kanafwamphuka n'kugwera pansi pa mpando. Madzi akuda bii, a dzimbiri la zaka makumi asanu, anathovoka n'kugwera pa kapeti yoyera imene malemu amuna a Madamu anagula. Ndinatseka bowolo ndi chala, dzanja lina likufufuza kasikulu, Madamu akukuwa kuti Ayub, Ayub, ngati ine ndili ku Chowe.

Mawa lake, anthu osayankha foni aja anafika isanakwane eyiti koloko. Chindevu anajambula kapetiyo mbali zonse n'kutumiza ku Australia. Akuti wa m'dimba akuseweretsa makina, ndipo akawakhudzanso, kampani sidzakonzanso ulere chilichonse chikawonongeka. Kevini anaimba, Madamu n'kundipatsa foni. Sanakalipe, bola akanakalipa. Analankhula pang'onopang'ono ngati akulangiza mwana wa sitandade wani. Akuti, "Ayub, wathandiza amayi zaka zambiri, tikuyamika. Koma ukangokhudza sikulu imodzi ya makina amenewa, ntchito yatha, ndi chipinda chomwe. Wamva?"

Ndinati ndamva. Nanga munthu wa mapepala ngati anga aja akanati chiyani?

Chimene chikundiwawa n'chakuti phokoso lija linasiya pabalaza. Mpweya ndinautulutsa ndithu. Palibe anatchulapo zimenezo, onse maso pa kapeti.

Mwalemba kuti a Che Ahmad apita kale kwa shehe kukanena kuti mwina adzaimirira ndi iwo. Mwina wa chiyani? Ndafa ine? Muwauze asoketse mkanjo wokhalira pamkeka ngati wina aliyense. Malo ndasungitsa kale m'galimoto ya Simioni yonyamuka Lachitatu pa 12 Julayi, mpando wakutsogolo. Lachisanu ndidzaswali Ijumaa pa Lungwena, inshaallah.

Malata awiri a kukhitchini aja muwakhomeretse alendo asanabwere. Tisachititse manyazi mwana.

Ayub


2 Julayi 2023

Amayi a Safia,

Asalamu alaikumu, ndipo Idi yabwino ngakhale yadutsa. Ine ndinaswali ku Mayfair ndi anyamata akwathu, nyama ndinadya ya mbale ya pepala nditaimirira. Chifuwa chilipobe. Musauze amayi anu, angayambe kutumiza mizu.

Ndikuuzeni zamisala za m'nyumba muno. Khitchini ikutentha ngati pa Mangochi boma mu Okutobala. Batala akusungunuka m'mbale, mphaka wasamukira komweko ndipo sakutulukanso. Koma chipinda cha Madamu, chitsulo chake chili zii ngati mwala wa m'madzi. Agogo aja akugona ndi zipewa ziwiri ndi jasi la malemu amuna awo.

Ndinauza Kevini. Akuti, "Ayub, ndikuona pano pa foni, chipinda cha amayi chili pa 27. Chatentha kwambiri, ndachitsitsa kumene. Khitchini ndiye yozizira, ili pa 11, ndaikweza." Ndinati bwana, ine ndaima m'chipindamo, mpweya wanga ndikuuona ukutuluka m'kamwa ngati utsi. Akuti amayi amadandaula za chisanu chibadwire, ndipo manambala sanama.

Munthu ali kutsidya kwa nyanja yamchere akuuza munthu amene dzanja lili pa chitsulo kuti chitsulocho n'chotentha! Ndinakhala pa sitepe ya kukhitchini.

Nditakhala pamenepo ndi pamene zinandibwerera. Timabokosi toyera tija anatisinthanitsa. Ka chipinda cha Madamu anakakhoma kukhitchini, ka kukhitchini anakakhoma kwa Madamu. Kamene kali kwa Madamu kakamva chisanu, kamaitanira moto kukhitchini. Kamene kali kukhitchini kakamva moto umenewo, kamauza makina kuti Madamu afunda, tsekani. Tonse n'tofanana ngati mazira, ndipo anakhoma tsiku limodzi mothamanga, Lachisanu madzulo.

Ndinafotokozera Madamu. Anamva, koma mutu wawo masiku ano umagwira chinthu m'mawa, masana chatayika. Ndinafotokozera Kevini. Akuti auza akampani, ine ndisakhudze. Chindevu akuti anyamata ake salakwitsa zotero, komabe adzabwera kudzaona Lolemba pa 10, chifukwa ali ndi ntchito yaikulu ku Pretoria.

Pa 10 ndi bwino. Masikulu anayi apa, anayi apo, tiyi asanazizire atha. Pa 12 ine pamsewu.

Ndagula kofiya yoyera ndi nsapato zakuda. Nsapatozo zikundithina pang'ono, ndikumazivala m'dimba kuti zizolowere. Safia mumuuze kuti mawu ake aja ndinawamva, akuti ababa musachedwe. Ndimawamvetsera kawirikawiri. Ndinamusiya ali ndi zaka khumi akundithamangira kudzandilanda chipewa, lero akulankhula ngati mayi wa pakhomo pake.

Wanu,
Ayub


Lachitatu, 12 Julayi 2023

Amayi a Safia,

Salamu. Ndikulemba mothamanga, Simioni waima pageti injini ikulira. Mpando wakutsogolo uja pakhala sutikesi yanga. Muilandire, muli mkanjo, kofiya, nsapato ndi mphatso ya Safia. Musachite mantha, mwini wake akubwera pambuyo.

Lolemba kunagwa chisanu chimene anthu akuno akuti sanachione zaka khumi. Kumwamba kunkagwa zoyera ngati ufa, udzu wonse mbuu. Ana a m'misewu kusangalala, magalimoto kuima, anthu kujambula. Chindevu anatumiza uthenga kuti misewu si yabwino, abwera Lachiwiri. Lachiwiri akuti Lachitatu masana.

M'mawa wa Lolembalo ndinapeza Madamu milomo itachita bii, akulephera kugwira kapu. Ndinaganiza, ngati kabokosi ka kukhitchini ndi kamene kamalankhulira chipinda chawo, ndikanamize. Ndinatenga paketi ya nsawawa zoundana mufiriji n'kuikoleka ndi chingwe pa msomali wa kalendala, kuti izigunda kabokosiko. Sikulu sindinakhudze, Allah ndi mboni. Sipanathe theka la ola, chitsulo cha m'chipinda cha Madamu chinayamba kuti thethethe, n'kufunda. Agogo aja anaikapo manja onse awiri n'kulira.

Ndinajambula n'kutumiza kwa Kevini. Akuti ndi zodabwitsa, akauza akampani, koma pakadali pano ndipitirize ndi nsawawazo.

Vuto lake, paketi imasungunuka pakatha maola awiri, ndiye pamafunika kuchotsa n'kuika ina. Ndili ndi mapaketi asanu ndi limodzi amene ndikuwazunguliza usana ndi usiku. Madamu sangafikire pamsomalipo, ndipo mayi wochapa amabwera kawiri kokha pa sabata. Mwaona? Ndinamasuka ku boyila ya dizilo kuti ndimangidwe ndi nsawawa.

Simioni wanditukwana. Akuti, "Achimwene, masulani timabokosito musinthe, tiyeni tizipita, kapena asiyeni agogowo, ali ndi mwana wawo." Kuwasiya sindingathe, ndawanyamulapo m'manja kawiri atagwa kubafa. Kumasula, mawu a Kevini ali m'khutu. Ntchitoyi ndi imene yakhoma malata pa nyumba yathu, ndipo ang'ono ake a Safia akadali pasukulu.

Pali basi yonyamuka mawa naini koloko m'mawa, dalaivala wake Simioni wandilankhulira. Akabwera akampani masana ano, ndikwera imeneyo, Loweruka m'mawa ndili pa Mangochi. Mupemphe shehe aike ndowa ikatha swala ya masana. A Che Ahmad musawauze za nsawawa.

Ayub


Lachisanu, 14 Julayi 2023

Amayi a Safia, ndi inu alamu anga a Che Ahmad, ndi a shehe, ndi onse amene mwakhala pabwalopo,

Asalamu alaikumu. Kalata iyi ilibe woitenga. Ndiijambula n'kuitumiza pa foni, ndipo ulendo uno muitsegule pagulu, iwerengedwe mokweza. Ndili moyo, ndili bwino, ndili ku Joni.

Lachitatu sanabwere. Dzulo ndinadzuka n'kuvala, kachikwama m'manja, maso pageti. Seveni, eyiti. Naini koloko inandipeza nditaima pa mpando kukhitchini ndikusintha paketi ya nsawawa. Itakwana teni, uthenga wa Chindevu unalowa: Lachiwiri sabata yamawa, mosalephera.

Madamu anandiona ndi kachikwama. Anafunsa kuti ukupita kuti. Ndinati sindikupitanso kulikonse, basi yapita. Akuti, "Basi ya kuti?" Ndinati ya ku ukwati wa mwana wanga. Anali ataiwala. Anandiyang'ana n'kuti, "Nanga ukutani kuno?"

Ndinatsegula kabati, n'kutenga mpeni wopakira batala. Ndinamasula kabokosi ka kukhitchini, ndinamasula ka kuchipinda, Madamu atandigwirira masikulu m'dzanja ngati mwana wogwirira mtedza. Kuseri kwa ka kukhitchini kunali kutalembedwa ndi cholembera chakuda kuti chipinda cha amayi. Ndinasinthanitsa, n'kumanga. Ndinayang'ana wotchi yapakhoma. Mphindi zisanu ndi ziwiri.

Mphindi zisanu ndi ziwiri, alamu. Zimene ndikanachita pa 2 Julayi, kapena Lachitatu Simioni ataima pageti.

Kenako ndinakhala pansi kudikira foni yondichotsa ntchito. Inalira madzulo. Kevini, wosangalala. Akuti manambala onse akhala bwino tsopano, zikuoneka kuti akampani akonza okha kuchokera ku ofesi kwawo, waona Ayub ubwino wodikira akatswiri? Akutinso ndikhoza kupita kutchuthi changa tsiku lililonse limene ndikufuna.

Ndinkafuna kulemba kuti wandilakwira ndi Chindevu, kapena Kevini, kapena chisanu cha Lolemba. Onsewo ali ndi gawo lawo. Koma amene anaopa masikulu asanu ndi atatu ndi ine. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Pano mazoni onse asanu akufunda, mphaka wabwerera pabalaza, ine ndikulemba nditafunda bulangete, msana utatsamira khoma lozizira lija.

Tsiku musasinthe. Mpunga wagulidwa, akuchimuna anyamuka kale ku Monkey Bay, ndipo mwana asadikirenso bambo wake, wadikira mokwanira. Ndidzabwera ndi Simioni ulendo wotsatira, ndidzam'peza pakhomo pake.

A shehe, imvani ndipo anthu awa akhale mboni. Ine Ayub, bambo wa Safia, ndili ndi nzeru zanga zonse, popanda wondikakamiza, ndikupereka mphamvu kwa alamu anga a Che Ahmad kuti mawa aimirire m'malo mwanga ndi kupereka mwana wanga kwa mkamwini Yasini.

Alamu, tayankhulana zambiri zopweteka. Munati ndine chithunzi chapakhoma, ndinakwiya miyezi iwiri, lero ndilibe poyankhira. Amene anathamanga naye kuchipatala Safia atadwala malungo ndinu, ine ndikusefa dizilo. Mutsegule sutikesi ija. Nsapato sizikukwanani, mapazi anu ndikuwadziwa, koma kofiya yoyerayo muvale. Dzanja la mnyamatayo muligwire zolimba, adziwe kuti mtsikanayu ali ndi eni ake.

Chimodzi chokha ndikupempha. A shehe akafika potchula dzina la mkwatibwi, musalole kuti alimeze. Atchule lonse, Safia binti Ayub, mwana wa Ayub, mokweza, kuti ndi amene aima panja amve.

Ine,
Ayub